Manja a Mose sanalimbe okha

Bambo ena achikulire anabwera ku ofesi yanga patatha miyezi itatu chipumireni pa ntchito. Anagwira pamalo amodzi zaka 31, ndipo anachoka mwaulemu, anzawo akuwaombera m'manja. Atakhala pampando anatulutsa m'thumba kachitsulo komangirira makiyi n'kumakatembenuza m'manja. Panali patatsala kiyi mmodzi yekha, wa kunyumba. Ena onse anabweza tsiku lotsanzikana. Anakhosomola kawiri, kenako anati, "Abusa, ine chikhulupiriro chandithera. Ndimadzukabe nthawi yomwe ija, ndimagwadabe, koma mawu sabwera. Kale ndinkapemphera uku ndikuvala, chopempherera ndikuchidziwa. Pano ndimangoyang'ana khoma mpaka mawondo kuwawa."

Ndinawafunsa ngati asiya kukhulupirira kuti Mulungu alipo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ayi abusa, zimenezo ndiye ayi." Nanga zoti Yesu anawafera n'kuuka kwa akufa? "Nazonso n'zosachita kufunsa." Tsono chatha n'chiyani, bambo? Anakhala duu kwa kanthawi, chala chikusisita kiyi uja, ndipo pomaliza anati, "Kaya. Mwina pansi pomwe ndinkapondapo."

Yankho limeneli linali lolondola kuposa momwe eni akewo ankaganizira. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndakhala ndikumvetsera anthu monga mbusa ndi mlangizi, mwa onse obwera n'kunena kuti chikhulupiriro chawathera, okanadi chiphunzitso china ndi ochepa kwambiri. Ambiri chomwe chawachokera ndi zinthu zimene chikhulupirirocho chinazolowera kutsamira: ntchito, thanzi, munthu wokhala naye nyumba imodzi, ana omwe akula n'kupita kwawokwawo, ngakhale ola lenilenilo lodzukira. Zimenezi zikachoka pemphero limalendewera, ndipo munthu amayamba kudziimba mlandu wobwerera m'mbuyo pomwe iye wangotopa ndi msamuko wa mumtima.

Kutopa kumeneku madokotala anayesapo kukuika pa sikelo. M'chaka cha 1967 madokotala awiri a matenda a maganizo ku America, Thomas Holmes ndi Richard Rahe, anatulutsa mndandanda wa zochitika 43 za m'moyo, chilichonse ndi mulingo wa katundu amene chimasenzetsa munthu. Pamwamba anaikapo imfa ya mwamuna kapena mkazi wako, mulingo wake 100. Kutha kwa banja anakupatsa 73, kuchotsedwa ntchito 47, kupuma pa ntchito 45. Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti kulowa m'banja, chinthu chomwe anthu amachivinira, kuli pa 50, pamwamba pa kuchotsedwa ntchito. Sikeloyi ili ndi zofooka zake, poti anthu salemedwa mofanana, ndipo ine sindiyezera tsogolo la munthu pa manambala amenewa. Koma mfundo yake yaikulu ndaiona ndi maso angawa: thupi ndi maganizo zimatopa ndi kusintha, kaya n'kokoma kaya n'kowawa. Walira mvula walira matope. Wokwezedwa pa ntchito, wobereka mwana woyamba, wochira atadwala nthawi yaitali, aliyense wa iwo angathe kudzidzimuka atapeza kuti pemphero lauma, n'kuchita manyazi kuuza munthu poti onse akumudikira kuti achitire umboni.

Vuto limayambira pa chithunzi chomwe tili nacho cha Mkhristu wokhazikika. Timamuona ngati munthu amene mtima wake sugunda ndi mantha, amene uthenga woipa ukafika amangomwetulira n'kutchula vesi. Titayeza ndi muyeso umenewo, a m'Baibulo omwe sangatsale ndi angati? Abrahamu agwa, Davide agwa, Petro ndiye osanena. Malemba amakamba za kukhazikika mwanjira ina, ndipo kuti tiione bwino njirayo tiyenera kumasula liwu limodzi la Chihebri.

Liwulo ndi emuna. Limachokera ku tsinde limodzi ndi liwu lomwe tonsefe timalitchula osaliganizira, ameni, ndipo tanthauzo lake lapansi ndi kulimba, kudalirika, chinthu chomwe ungachitsamire osagwa nacho. Limodzi mwa malo omwe liwuli limapezeka ndi pa Eksodo 17. Aisraele akumenyana ndi Aamaleki ku Refidimu, Yoswa ali m'munsi ndi ankhondo, Mose ali pamwamba pa chitunda ndi ndodo m'manja. Mose akakweza manja Aisraele ankapambana, akatsitsa ankagonja. Koma manja a munthu ndi manja a munthu. Tayesani kukweza anu kwa mphindi 10 zokha muone. Analema. Ndiye Aroni ndi Huri anatenga mwala n'kumukhazikapo, wina n'kugwira dzanja ili, wina linalo, ndipo ndime 12 imati manja akewo analimba mpaka kulowa kwa dzuwa. Pomwe ife timawerenga kuti analimba, Chihebri chimati manja ake anali emuna.

Tamuonani bwino munthu amene Baibulo likumupatsa liwu limeneli. Wakhala pansi chifukwa miyendo yakana. Mikono ikunjenjemera, ndipo atangomutaya kamphindi chabe manjawo agwa. Mwala womwe wakhalirawo sanauike yekha. Kumanja ndi kumanzere kuli anthu awiri omwe amuyandikira mpaka kumva fungo la thukuta lake, ndipo akhala choncho mpaka madzulo. Ndikawerengera anthu ndimeyi mu ofesi, ambiri amausa moyo, chifukwa zaka zonsezi akhala akulimbana n'kukhala Mose wopanda Aroni, n'kumadabwa kuti bwanji mapewa akuwawa.

Chichewa chimatithandiza pamenepa. Tili ndi kukhulupirira ndi kukhulupirika, mawu awiri a tsinde limodzi osiyana pothera pokha, ndipo loyambalo limadya kwa lachiwirilo. Mphamvu ya kukhulupirira kwako imachokera mwa amene wamukhulupirirayo. Munthu wamantha woyenda pa mlatho wolimba amaoloka, akunjenjemera choncho. Wolimba mtima woyenda pa mlatho wofumbwa amagwera m'madzi ndi kulimba mtima kwake komweko. N'chifukwa chake munthu wogwedezeka akabwera kwa ine sindimufunsa kukula kwa chikhulupiriro chake. Ndimamufunsa kuti waponda pa chiyani.

Yesaya naye anagwira tsinde lomweli polankhula ndi mfumu. Cha m'ma 734 Khristu asanabadwe, mafumu awiri, Rezini wa ku Aramu ndi Peka wa ku Israele, anapangana zoukira Yerusalemu, ndipo Yesaya 7 imati mtima wa mfumu Ahazi ndi wa anthu ake unagwedezeka ngati mitengo ya m'nkhalango pa mphepo. Mneneriyo anakumana naye kumapeto kwa ngalande ya madzi n'kumuuza kuti adekhe, asaope. Kenako pa ndime 9 ananena chiganizo chomwe m'Chihebri chimabwereza tsinde lija kawiri, ngati kunena kuti ukapanda kutsamira sukhala chilili. Ahazi sanamve. Anatenga siliva ndi golide wa m'Nyumba ya Mulungu n'kutumiza kwa Tigilati-pilesere, mfumu ya Asuri, kuti adzamupulumutse. Zinathekadi, adani aja anaphwanyidwa. Koma Yuda anasanduka wopereka msonkho kwa Asuri, ndipo Ahazi atapita ku Damasiko anasirira guwa la nsembe la kumeneko n'kulamula kuti lofanana nalo limangidwe m'kachisi. Mantha amagula mtendere pa ngongole, chiwongoladzanja chake n'kudzalipira ana. Ndaona anthu, ntchito itatha kapena banja litagwedezeka, akuthamangira aliyense wolonjeza kuti zinthu zibwerera mwakale sabata yomweyo, n'kupereka kumeneko zinthu zomwe sadzazipezanso.

Olonjeza zoterezi sanayambe lero. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini pamodzi ndi anthu otchuka ndi amisiri a ku Yerusalemu kupita nawo ku Babulo. Patapita zaka zochepa, mneneri wina dzina lake Hananiya anaimirira m'kachisi n'kulengeza kuti zaka ziwiri zisanathe mfumuyo, anthuwo ndi ziwiya za m'kachisi zonse zibwerera. Yeremiya anali pomwepo, goli lamtengo lili m'khosi monga chizindikiro choti agonjere Babulo. Yankho lake limandigwira mtima nthawi zonse: anati ameni, Yehova achitedi chomwecho. Sanali munthu wokondwera ndi tsoka, nayenso ankalakalaka zitatero, kungoti ankadziwa kuti sizitero. Hananiya anamuvula goli lija n'kulithyola anthu akuona, ndipo Yeremiya anangonyamuka n'kumapita. Zimenezi zinachitika mwezi wachisanu. Mwezi wachisanu ndi chiwiri Hananiya anamwalira.

Kalata yomwe Yeremiya analembera a ku ukapolo aja, pa mutu 29, sinali yokoma m'khutu. Mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, ndipo muzipempherera mtendere wa mzinda womwe wakugwirani ukapolowo. Zaka zake ndi 70. Tsono werengerani nokha: munthu wa zaka 30 womva kalatayo ankauzidwa mwaulemu kuti manda ake ali ku Babulo. Akuluakulu amati sunga khosi, mkanda woyera udzavala, koma apa ambiri osunga khosiwo mkandawo anadzavala ndi adzukulu awo. M'kati mwa kalata yomweyi ndi momwe muli ndime 11, ija timaikonda kwambiri, yonena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo la chiyembekezo. Inalembedwera mtundu wonse, wodikira zaka 70.

Ndimeyi ndinaigwiritsapo ntchito molakwika, ndipo ndikakumbukira manyazi amandigwirabe. Ndikadali mnyamata mu utumiki, ndinapita kukaona mayi ena omwe amuna awo anamwalira mwadzidzidzi, patangotha sabata zitatu. Ndinafika nditakonzeka, chala chili kale pa Yeremiya 29:11. Ndinawerenga ndi mawu a pa guwa, n'kuwauza kuti Mulungu ali ndi mapulani abwino pa moyo wawo. Mayiwo anamvetsera mwaulemu, maso ali pa nsapato za malemuwo zomwe zinali zikadali pafupi ndi chitseko, zingwe zake zomasula monga anazisiyira. Nditamaliza anati, "Zikomo abusa. Koma mapulani abwinowo ine ndinali nawo kale. Ndi omwe tinawaika m'manda aja." Ndinangoti kakasi. Mawu ndinanyamula a Yeremiya, koma mtima unali wa Hananiya, wofuna kuthyola goli la munthu tsiku lomwelo kuti ineyo ndipepukidwe. Chondiyenera chinali kukhala pansi, kutseka pakamwa, n'kubweranso mawa ndi mkuja.

Chomwe Yeremiya anapatsa anthu ake ndi ntchito ya manja m'dziko lomwe sanalisankhe. Khasu, njerwa, ukwati wa ana, pemphero lopempherera adani. Munthu amayamba kukhazikika tsiku lomwe wamasula katundu wake n'kuvomera kuti pano pomwe ndili, pomwe sindinkafuna kukhala, ndi pomwe Mulungu akumane nane. Wokhalira kudikira kuti zibwerere mwakale amakhala pa katundu womanga zaka ndi zaka, osabzala kanthu. Ndipo mbiri inavomereza mneneriyo: Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo mu 539 n'kulola Ayuda kubwerera kwawo chaka chotsatira, panali anthu oti abwerere, ana ndi adzukulu a omanga nyumba ndi olima minda aja.

Zisanafike pamenepo Yerusalemu anawonongedwa ndithu, cha m'ma 586, kachisi n'kutenthedwa. Buku la Maliro ndi kulira kwa otsala. Lili ndi ndakatulo zisanu, ndipo zomwe zikunenedwamo n'zoumitsa thupi, ana akukomoka ndi njala m'misewu ya mzinda. Koma muli chinthu china chomwe sichioneka m'Baibulo lomasuliridwa. Ndakatulo zinayi zoyambirira zinalembedwa motsatira alifabeti ya Chihebri, yomwe ili ndi zilembo 22: ndime yoyamba imayamba ndi chilembo choyamba, yachiwiri ndi chachiwiri, mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mitu 1, 2 ndi 4 ili ndi ndime 22, pomwe mutu 3 uli ndi 66, chilembo chilichonse katatu. Taganizani. Munthu dziko lamugwera, mzinda uli phulusa lokhalokha, iye wakhala pansi n'kumalira motsatira zilembo ngati mwana wa sukulu. Zonse zitabalalika anagwira dongosolo limodzi lomwe mdani sanathe kulitentha, n'kuthiramo misozi yake. Ndipo m'mutu wapakatiwo, pa ndime 22 ndi 23, ndi pomwe akunena kuti chifundo cha Yehova sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse, kukhulupirika kwake n'kwakukulu. Liwu la kukhulupirika pamenepo ndi lomwe lija la manja a Mose, emuna, koma tsopano mwini wake ndi Mulungu.

Bukuli silithera pa chimwemwe ayi. Ndime yake yomaliza ikadali ndi mantha oti mwina Mulungu wawakana kotheratu. Salimo 88 nalo limathera mu mdima, popanda ndi liwu limodzi lomwe la chitonthozo. Amene anasunga mawu amenewa m'Malemba sanawaone ngati kusakhulupirira, poti wodandaulira Mulungu ndiye kuti akulankhulabe naye.

Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena mu utumiki amene amanyoza pemphero loloweza. Amati ndi lakufa, pemphero lenileni ndi lotuluka mumtima nthawi yomweyo. Mtima ukakhala ndi mawu, inde. Nanga tsiku lomwe ulibe? Pemphero la Ambuye, Masalimo, Chikhulupiriro cha Atumwi, zimenezi ndiye alifabeti ya wolira, zimakunyamula pomwe walephera kudzinyamula. Ndakhalapo pambali pa bedi la okalamba omwe matenda anawaiwalitsa mayina a ana awo omwe, koma ndikangoyamba kuti "Atate wathu wa Kumwamba", milomo yawo imatsatira mpaka pa ameni. Chomwe chabwerezedwa kwa zaka chimakhala pansi kwambiri, pomwe chigumula sichikokolola msanga. Choncho munthu akabwera moyo utamutembenukira, sindimusenzetsa zambiri. Salimo limodzi, lomwelo tsiku ndi tsiku, pa ola lomwelo, powerenga mokweza, kaya akumva kanthu mumtima kaya sakumva, kwa mwezi wathunthu. Ena amatuluka ali okhumudwa ngati Naamani atauzidwa kuti akangosamba mu Yordano. Amayembekezera mankhwala aakulu.

Kalata ya kwa Ahebri, pa 6:19, imatcha chiyembekezo chathu nangula wa moyo, ndipo Akhristu oyambirira anachikonda chithunzichi moti ankachizokota pa manda awo m'mapanga a pansi pa nthaka ku Roma. Amene anakwerapo chombo amadziwa kuti nangula saletsa mafunde. Chombo chimapendamabe uku ndi uku, okwera amachitabe nseru, chokhacho chomwe sichichitika ndi kutengedwa kukaswedwa pa miyala. Nangulayo sumuona, umangomva kukoka kwa chingwe, ndipo kukokako kumamveka kwambiri mphepo ikakula. Wolemba kalatayo anachitembenuza chithunzicho: nangula wake m'malo motsikira pansi pa nyanja amalowa kuseri kwa chinsalu chotchinga malo opatulikitsa a Mulungu, komwe Yesu anatsogola kale. Pa Machitidwe 27 pali anangula enieni achitsulo kapena amtengo, oponyedwa ndi manja. Usiku wa 14 wa namondwe amalinyero anaponya anayi kumbuyo kwa chombo n'kumalakalaka kutacha. Kutacha anawataya m'nyanja momwemo, chombo chinatitimira mumchenga n'kuyamba kusweka, koma anthu onse 276, Paulo ali m'gulumo, anafika kumtunda pa chilumba cha Malta, ena posambira, ena atagwira matabwa. Paulo anali atawauziratu kuti palibe moyo womwe utayike, koma chombo chokha ndiye chipita.

Pali kukhazikika kwina konyenga komwe kumatigwira kwambiri ife opemphera. Munthu akaona kuti kunja zonse zikusintha, amafuna kuti ku tchalitchi kokha kusasinthe kanthu: nyimbo zomwezo, mpando womwewo, mbusa yemweyo. Ndimamumvetsa, sindimuseka. Koma taonani pomwe paikidwa ndime yotchuka ija yoti Yesu Khristu ali yemweyo dzulo, lero ndi kunthawi zonse. Ili pa Ahebri 13:8. Ndime 7 ikuuza owerenga kuti akumbukire atsogoleri awo omwe anawalalikira mawu a Mulungu, n'kulingalira za mathero a moyo wawo, zomwe zikusonyeza kuti atsogoleriwo anali atapita. Ndime 9 ikuwachenjeza za ziphunzitso zachilendo. Mawuwa analembedwera mpingo womwe nkhope zake zozolowereka zinali zitachoka, ndipo pofika pa ndime 14 wolembayo akunena mosabisa kuti kuno tilibe mudzi wokhalitsa.

Akhristu a m'zaka za m'ma 400 anaphunzira zimenezi mowawa. Mu Ogasiti 410, Alaric ndi ankhondo ake a mtundu wa Visigoth analowa mu Roma n'kufunkha mzindawo masiku atatu. Kwa zaka pafupifupi 800 mzindawo unali usanagwepo m'manja mwa adani akunja, ndipo poti mafumu ake tsopano anali Akhristu, okhulupirira ambiri anali atayamba kuona ngati Roma ndi Ufumu wa Mulungu n'chinthu chimodzi. Opembedza milungu yakale anati tsokali ladza chifukwa choitaya milunguyo. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, anatha zaka kuyambira 413 mpaka 426 akulemba yankho lake, loti mzinda wa anthu, ngakhale utakula bwanji, si mzinda wa Mulungu. Mu 430 zomwezo zinamupeza pakhomo: ankhondo a mtundu wa Vandal anazinga Hippo, iye n'kudwala mzinda uli wozingidwa choncho. Mnzake Possidius, amene analemba mbiri ya moyo wake, akusimba kuti nkhalambayo inapempha kuti Masalimo a kulapa alembedwe n'kupachikidwa pa khoma moyang'anizana ndi bedi lake, ndipo inkawawerenga ikulira. Anamwalira pa 28 Ogasiti chaka chomwecho. Katswiri wolemba mabuku ochuluka chotero, masiku ake omaliza nayenso ankangoyang'ana khoma.

Patapita zaka pafupifupi 100, Benedict wa ku Nursia, ku Italy, polemba malamulo a amonke ake anaikamo lumbiro la kukhazikika, loti munthu akhale m'gulu limodzi moyo wake wonse. Anadzudzula amonke oyendayenda omwe ankagona masiku atatu kapena anayi m'nyumba iyi n'kupita ina. Ife si amonke, koma nthendayo tili nayo: zikavuta timasintha mpingo, kenako wina, kufunafuna komwe kuli moto. Tsoka lake n'lakuti Aroni ndi Huri sapezeka mwa anthu omwe wadziwana nawo Lamulungu lapitali. Wodzagwira dzanja lako ndi amene wakuona zaka zambiri, mwina yemwe munakanganapo naye pa msonkhano n'kukhululukirana. Kali kokha n'kanyama. Sindikunena zokakamira pomwe pali nkhanza, kudyeredwa masuku pamutu kapena chiphunzitso chabodza. Pamenepo nzeru ndi kuchoka.

Ndionjezepo chimodzi monga mlangizi. Nthawi zina chomwe munthu akuchitcha kuuma kwa uzimu chimakhala nthenda ya maganizo yofunika chipatala. Ngati kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo munthu sakupeza tulo, chakudya sichikulowa, zonse zomwe zinkamusangalatsa zazizira, aonane ndi achipatala. Ngati wayamba kuganiza zodzipha, asadikire n'komwe sabata ziwirizo, ndipo amene wauzidwa zimenezi asamusiye yekha. Pemphero lipitirire, koma dokotala nayenso akhoza kukhala Huri. Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamudzutsa, anamudyetsa, n'kumusiya agonenso.

Bambo a kiyi mmodzi aja ndinawauza za khoma la Augustine. Anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti khoma ndiye ali nalo kale. Anasankha okha Salimo 90, lotchedwa pemphero la Mose, lomwe limayamba ndi kunena kuti Ambuye ndiye mokhalamo mwathu m'mibadwomibadwo n'kuthera pa kupempha kuti akhazikitse ntchito ya manja athu. Analilemba pamanja pa pepala lalikulu n'kulimata moyang'anizana ndi pomwe amagwada. Masiku omwe mawu ankakanirira pakhosi, owerenga ankakhala akazi awo, iwo akungomvetsera.

Anabweranso patatha miyezi 6. Mawu awoawo ayamba kubwerera pang'onopang'ono, anatero, koma sindicho chomwe anadzera. Anatembenuza kiyi uja kangapo. "Abusa, nkhani ija ya Mose ndaiwerenganso. Aroni ndi Huri aja anakweza manja a mnzawo mpaka dzuwa kulowa. Nanga awo manja sanaleme? Anawagwirira ndani?" Ndinati Malemba pamenepo sananenepo kanthu. Anagwedeza mutu. "Ndafunsa chifukwa amayi akunyumba aja awapeza ndi chotupa. Ayamba mankhwala Lolemba. Mawu awo afooka, sangathenso kuwerenga mokweza, ndiye pano wowerenga ndine."

Anaimirira n'kubweza kiyi m'thumba. Atafika pakhomo anatembenuka. "Timawerenga 5 koloko. Ndikudziwa kuti ndi m'mamawa, abusa. Koma Lolembalo mukanabwera."